Mphini za Kuchipatala

Amuna anga ali ndi madontho atatu akuda pathupi pawo. Lina lili pakati pa chifuwa, awiri ali m'nthiti, uku ndi uku. Ndi aang'ono ngati njere za bonongwe, moti wosadziwa angayese panatera ntchentche. Koma madontho amenewa anatsala pang'ono kundisandutsa mkazi wamasiye, chifukwa eni thupi anakanitsitsa kuti asalembedwe pakhungu pawo.

Kwathu n'kumunsi kwa Michesi, pamudzi wa amayi anga. Amuna angawa anabwera kudzakhala chikamwini ali mnyamata, ndevu zisanagwirizane zoti zimere mbali iti. Makolo awo ndi anga onse anachokera ku Mozambique, ndipo mpaka lero tikayambana timakalipirana m'Chilomwe, Chichewa timasungira alendo ndi mapemphero. Timalima chimanga, nandolo ndi chinangwa. Iwo akhala mkulu wa mpingo zaka zambiri. Ndi munthu woti akamva mawu okoma pamsika kapena pamaliro amawatola n'kuwasunga mpaka Lamulungu.

Matenda anayamba ndi mwanabere m'khwapa. Mwanabere timamudziwa tonse: ukadzitema chala ndi chikwanje amatuluka, bala likapola nayenso amapita. Koma uyu analibe bala lomuitana, ndipo sankapweteka. Anangokhala phee, n'kumakula. Kenako anatuluka wina m'khosi. Mphasa inayamba kunyowa ndi thukuta ngakhale nthawi yachisanu, chiperoni chikutsika m'phiri. Lamba wa buluku anamuboola bowo lina ndi msomali, patapita nthawi anaboolanso lina. Njinga yomwe ankakwera nayo chitunda cha kwathu atanyamula thumba la makaka, chinangwa chouma, anayamba kuikankha ilibe katundu.

Kuchipatala cha kwathu anayamba aganizira chifuwa chachikulu. Anayeza makhololo, sanapeze kanthu. Pomaliza anadula kanyama pa chotupa chija n'kukatumiza ku Blantyre. Yankho litabwera anatiuza kuti ndi khansa ya m'magazi, mtundu womwe umakonda kumanga zisa m'malo momwe mumatuluka mwanabere. Ine ndinkadziwa khansa ya bere ndi ya chiberekero, zomwe zatenga anzanga angapo. Zoti magazi nawonso amadwala khansa ndinazimva tsiku limenelo.

Tili ndi mwana wamkazi ku Bangwe, amagulitsa kaunjika. Tinasiya mbuzi ndi munda m'manja mwa mng'ono wanga n'kupita kukakhala kwa iye. Kuchipatala chachikulu anayamba kuwaika madiripi, lina lofiira ngati sobo. Akalandira ankasanza, n'kugona, n'kudzuka, akangoyamba kupeza bwino n'kubwereranso. Tsitsi linathothoka, ndevu zomwe. Ndinawauza kuti abwerera momwe ndinawapezera, ndipo akafuna atumizenso ankhoswe. Anati ulendo uno ayamba aona kaye akazi ena. Tinkaseka choncho, poti kulira tinkalira aliyense payekha.

Madiripiwo anagwira ntchito. Wa m'khwapa anaphwa, wa m'khosi naye anaphwa. Koma atawajambula m'kati anapeza kuti chatsala chotupa china m'chifuwa, kuseri kwa fupa, chomwe chinachepa koma osachoka. Adokotala omwe ankawaona anali mayi wamkulu ndithu, wolankhula ndi manja. Anatikhazika pansi tonse awiri n'kutiuza kuti tsopano pafunika makina. Anthu a pamzere makinawo amangowatchula kuti owotcha. Ndinafunsa ngati amuna anga akawaika pamoto.

"Iyayi agogo, mulibe moto," anatero adokotala. "Ndikufotokozereni. Thupi la munthu linapangidwa ndi tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, timatitchula kuti maselo. Kalikonse kamabadwa ndi uthenga m'kati mwake, woti kakakalamba kapena kakavulala kadzizimitse kokha, kapereke malo kwa tatsopano. Zimenezi zikuchitika mwa inu ndi mwa ine panopa, ndipo ndiwo moyo."

Ine ndinaona munda wanga wa chinangwa. Masamba a m'munsi amachita chikasu n'kugwa okha, palibe amawathyola, pamene kunsonga kukuphuka ena. Ndinali ndisanaganizepo kuti pali chomwe chimawauza.

"Mwa bambowa," anapitiriza, "muli tina tomwe tatseka makutu. Nthawi yake yakwana, koma sitikumva. Tikungoswana. Makina aja amatumiza kuwala kwamphamvu kosaoneka, kumakalasa pomwe tadzikundika. Tikavulala, uthenga uja umafuula kwambiri. Ndiye pali mapiritsi omwe tiwapatse, ntchito yake n'kutsegula makutu aja. Makina afuulitse uthenga, mankhwala atsegule makutu. Tikufuna ziwirizi ziyendere limodzi."

Amuna anga anali atatsamira ndodo yawo, akumvetsera ngati ali m'kalasi ya ubatizo.

"Ndiye kuti matenda angawa ndi kukana kufa?" anafunsa.

Adokotala anaseka. "Tingatero, bambo."

Ndinawayang'ana ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo awatola. Ndinkayesa akawalalikira kwathu. Sindinadziwe kuti adzayamba kulalikira ine.

Asanayambe makinawo pamakhala tsiku loyeza. Anandilola kulowa kuti ndiwathandize kuvula malaya, poti mapewa anali atauma. M'chipindamo munali mozizira ngati m'mapanga a m'phiri. Munali mtsikana wovala zoyera, yemwe atamva kalankhulidwe kathu anatipatsa moni wa Chilomwe, nati agogo ake anali a ku Chiwalo. Amuna anga anakondwa, anayamba kumufunsa za mbumba yake. Anawagoneka chagada pa kabedi kolimba, manja atatukula kumutu. M'makoma munatuluka timizere ta kuwala, kena kodutsa m'litali, kena kopingasa, n'kukumana pachifuwa pawo. Ine ananditulutsa pang'ono pamene ankawajambula, kenako anandiitananso. Mtsikana uja analemba ndi cholembera pomwe timizere tinakumana. Atatero anatenga kasingano ndi kabotolo kakuda.

"Agogo, tsopano ndikubayani pang'ono pokha, malo atatu, ndidonthezepo inki. Sizipweteka kwenikweni."

"Ubaye khungu?"

"Eya, pamwamba pokha."

"N'kupakamo zakuda?"

"Eya, kuti chizindikiro chisafufutike."

"Mpaka liti?"

"Chimakhala mpaka kalekale, koma n'kadontho chabe."

Amuna anga anatsitsa manja aja, omwe ndimayesa ndi ouma, n'kudzuka okha.

"Mwana wanga, zimenezo ndi mphini."

Mtsikanayo anayesa kuseka, koma ataona nkhope yawo analeka. Anafotokoza bwinobwino, mwaulemu. Anati makina ayenera kulasa malo amodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa pafupi pomwepo pali mtima ndi mapapo. Anati ena amangowalemba ndi cholembera n'kumatapo pulasitala, koma ndi thukuta lomwe iwo ankatuluka, zolembazo sizingakhalitse, ndipo zikafufutika ndiye kuti kuyeza kuyambirenso, pamene pamzere pali anthu ambiri. Amuna anga anamvetsera zonse mpaka anamaliza. Anamuthokoza. Anavala malaya okha, mabatani n'kuwasemphanitsa, n'kutuluka. Mtsikana uja anandinong'oneza kuti malo awo awasunga mpaka sabata yotsatira, ikadutsa apereka kwa wina.

Mtsikanayo ankayesa ndi nkhani ya mpingo. Mwana wathu wa ku Bangwe nayenso ankayesa choncho. Ine ndekha ndinkadziwa komwe inachokera.

Mwana wathu woyamba anali wamwamuna. Anadwala asanayambe kuyenda, atangoyamba kuimirira chogwira chitseko. Thupi linatentha, kupuma kunali kwa befu, nthiti zikulowa m'kati. Nthawi imeneyo bambo ake ankagwira ntchito kuminda ya tiyi mbali ya Mulanje, ndipo ankabwera pakutha pa mwezi, wapansi, kudzera pampata wa Fort Lister. Pamudzi panali amayi anga ndi amalume. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo wonena zochita mwana akadwala ndi malume. Anaitanitsa sing'anga. Anabwera ndi lezala ndi kansupa, anatema kachifuwa kaja mizere ing'onoing'ono, n'kupakamo ufa wakuda. Anati tidikire mankhwala ayende m'thupi, tisamusunthe. Tinadikira. Amayi anga sindiwaweruza. Anachita chomwe ankadziwa, ndipo ana ena anachira m'manja mwawo.

Bambo ake atafika anapeza mwana ali choncho. Mkamwini satsutsana ndi eni mbumba, koma tsiku limenelo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anavula jekete, anamukulunga mwana, n'kuyamba kuthamangira kuchipatala cha mishoni. Ine ndinkatsatira pambuyo, osawapeza. Nditakhota pa mtengo wina wa mkuyu ndinawaona ataima pakati pa njira. Denga la chipatala linkaoneka patali, malata akung'anima. Mwana anali atatisiya. Anangotembenuka, tinabwerera.

Kumanda, dothi litakwiriridwa, analankhula mokweza pamaso pa amalume ndi mudzi wonse. Anauza mwanayo kuti lezala ya mphini sidzakhudzanso munthu wa m'nyumba mwawo, ngakhale iwo eni, mpaka adzamupeze komwe wapita. Anthu anang'ung'udza kuti mkamwini wachita mwano. Koma anasunga mawu awo. Ana athu onse otsatira anakula opanda mphini ndi imodzi yomwe. Ukulu wa mpingo unabwera pambuyo. Lumbiro lija ndilo linayamba.

Ndiye ku Bangwe kuja masiku anayamba kutha. Mwana wathu anayesa njira zake zonse.

"Ababa, izi si za asing'anga, ndi za chipatala. Ngakhale abusa akadwala amawalemba chimodzimodzi."

"Abusa ali ndi khungu lawo."

"Ndiye madiripi onse aja mwavutika nawo apite pachabe chifukwa cha kadontho?"

"Unamva zomwe ananena adokotala? Amayi akowa analipo. Chokana kufa nthawi yake itakwana ndicho matenda. Ine ndakalamba. Ndaona zidzukulu. Mukufuna ndikhale ngati tizinthu tija totseka makutu? Ndamva kuitana, ndiperekezeni kwathu. Nandolo akuuma kumunda."

Analankhula mofatsa, ndi mawu awo a paguwa. Mwanayo anamanga belo lake la zovala mokwiya, anapita kumsika maso ali ofiira.

Ine mawu amenewo anandivuta, chifukwa sanali opusa. Ndinakhala nawo masiku angapo, ndikuchapa, ndikusesa pabwalo la eni ake. Ndaonapo okalamba omwe thupi linatha kale koma akukakamira, ana awo atatopa, iwonso atatopa. Ndaonanso ena omwe anaitanitsa madzi osamba, n'kutsanzikana ndi aliyense, n'kupita ngati akupita kumunda. Amayi anga anapita choncho. Ndinadzifunsa ngati sindikuwakakamiza amuna anga chifukwa choopa kugona ndekha m'nyumba. Mwina wotseka makutu ndinali ine.

Koma ndinkawayang'anitsitsa. Munthu amene ati wamva kuitanayu m'mawa uliwonse ankatuma mwana wathu kuimba foni kumudzi kufunsa ngati mbuzi yaikazi yaswa. Atamva kuti mlamu wawo wabwereka pampu ya njinga osapempha, anakalipa mpaka phala linazizira. Anandiuza kuti akulakalaka kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuphika tsiku lonse, ndipo anadandaula kuti wa mumsika wa m'tauni sakoma. Amayi anga atatsala pang'ono kupita sankafunsa za pampu. Ndinaona kuti mawu a adokotala aja angowafunda ngati bulangete. M'kati mwake munali mnyamata uja ataima panjira ndi jekete m'manja.

Tsiku lina masana mwana wathu ali kumsika, tinakhala kuseri kwa nyumba, pomwe pali chingwe choyanikira zovala. Kunja kunayera bwino, ndipo kutali kum'mawa phiri la Mulanje linkaoneka lobiriwira ngati utsi. Iwo ankaliyang'ana, akufunafuna pomwe pali Michesi. Ine ndinamasula chitenje pang'ono, ndinakweza bulauzi, n'kuwaonetsa pamimba panga.

Ife a nthawi yathu tikatha msinkhu, kuchinamwali amayi akuluakulu ankatitema mphini pamimba, m'chiuno ndi m'ntchafu. Ankatsina khungu, kucheka pang'ono, n'kupakamo makala osinja ndi mafuta a nsatsi. Zikapola zinkatukuka, timizere tondondozana bwino. Atsikana a lero sazidziwa, ndipo sindikuti azitemedwa, zinkapweteka koopsa. Koma zanga zilipo, ngakhale mimba yabereka kambiri ndipo zina zabisala m'makwinya.

"Bambo ake, izi n'chiyani?"

Anadzidzimuka, n'kuyang'ana kumpanda. "Valani, mayi. Pano m'pa eni ake, ana adutsa."

"Ndafunsa. N'chiyani izi?"

"Mwayamba misala ya m'tauni?"

"Yankhani, mkulu wa mpingo."

"Ndi mphini."

"Munalumbira kuti m'nyumba mwanu simudzakhala mphini. Izi zagona m'nyumba mwanu zaka zonsezi. Sindinamve kuti mwazitengera kubwalo la mpingo."

"Izo ndinazipeza. Komanso n'zina."

"N'zina bwanji?"

"Mulibe mankhwala."

"Nanga ngati mulibe mankhwala, ntchito yake n'chiyani?"

Anayang'ana nkhuku ya aneba yomwe inkapalasa pafupi ndi bafa, ngati nkhukuyo iwayankhira.

"Mwaiwala? Ndikukumbutseni. Anamkungwi anatiuza kuti n'zolozera njira dzanja la mwamuna, lisamasochere. Ndipo lanu, kunena zoona, silinasocherepo."

Anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwasisita pamsana. Anandinena m'Chilomwe kuti ndine nkhalamba yopanda manyazi. Ndinavomera. Ndinamanga chitenje changa, n'kudikira kuti chifuwa chikhazikike.

"Za mtsikana uja nazonso mulibe mankhwala," ndinatero. "N'zolozera njira basi. Makina aja alibe maso. Akufuna adziwe pogwira, asakagwire mtima."

Kuseka kunatha. Anayamba kukanda pansi ndi ndodo.

"Ndinamulonjeza," anatero.

Zaka zonsezi sitinkamutchula mwanayo. Ana athu amadziwa kuti kunali mkulu wawo, koma za njira ija sadziwa.

"Ndinalipo," ndinatero. "Ndinamva. Koma ndikufunseni. Tsiku lija munamukulunga m'jekete, munkathamangira kuti?"

Anangopitiriza kukanda pansi ndi ndodo ija.

"Munkathamangira kuchipatala. Mphini zija munazida chifukwa zinamuchedwetsa, anafera panjira denga likuoneka. Inu lero mwafika. Mwalowa m'kati, mwagona pabedi pawo. Ndiye mukufuna mudzuke, mutembenuke, tibwererenso ngati tsiku lija? Ine njira imeneyo ndinayenda kamodzi kumbuyo kwanu. Sindikufuna kuiyendanso."

Iwo anapukuta kumaso ndi chikhatho, kuchokera pamphumi mpaka pachibwano chopanda ndevu chija.

"Nanga kuitana kuja?" anafunsa, koma mawu a paguwa anali atachoka.

"Amene akuitanidwa ndi a m'chifuwamo, osati inu. Mukadzaitanidwa inu ndidzadziwa. Mudzasiya kufunsa za pampu."

Tsiku limenelo sanandiyankhe. Anadya pang'ono, anapemphera motalika kuposa masiku onse, osatchula za chipatala. Ine sindinabwerezenso, ndipo mwana wathu ndinamutsina kuti asayambitse. M'mawa mwake ndikuchokera kotunga madzi ndinawapeza atakhala pakhonde akupukuta nsapato zawo za Lamulungu.

"Mukuchedwa," anatero. "Minibasi zidzaza."

Mtsikana wa ku Chiwalo uja atationa sanafunse kanthu, anangoti agogo abwera. Amuna anga asanagone anapempha kuti aone kabotolo kaja. Anakatembenuza, anakanunkhiza.

"Muli chiyani umu?"

"Inki yokha, agogo."

"Palibe mzu? Palibe chomwe wina analankhulirapo?"

"Palibe. Ngakhale mutamwa simungachire."

"Chabwino. Lemba."

Anagona, manja kumutu, timizere ta kuwala tinakumananso pachifuwa. Anandiuza kuti ndiwagwire phazi, ndinaligwira. Linali lozizira. Maso anatseka, milomo ikuyenda. Mtsikanayo anabaya pakati, anazungulira, anabaya uku, anabaya uku, n'kupukuta ndi thonje.

"Ndamaliza."

"Basi?"

"Basi."

"Minga ya kumunda kwanga imaposa pamenepa," anatero. Koma potuluka anatsamira paphewa panga, ndipo m'minibasi dzanja lawo linali pachifuwa njira yonse.

Makinawo anatenga masabata angapo. Tinkapita m'mawa, iwo n'kulowa, chitseko chochindikala ngati khoma n'kutsekeka, ine n'kukhala pabenchi ndi anzanga odikirira. Sankakhalitsamo. Ankati samva kanthu, makina amangozungulira n'kumalira ngati njuchi. Ine pabenchipo ndinkaganiza za tizinthu tija. Sindinkatida. Ndinkatilankhula chamumtima monga ndimalankhulira mbuzi zikakana kutuluka m'khola: tiyeni, kwacha, tulukani. Mapiritsi aja ankamwa osadumphitsa, ine ndikuyang'ana mpaka ameze.

Sizinali zophweka. Khungu la pachifuwa linada n'kumayabwa, ndipo anatiletsa kulikhula ndi mwala kapena kupakapo mafuta athu. Kukhosi kunayamba kuwawa pomeza, moti kwa nthawi ndithu ankangodya phala lamadzimadzi ndi nthochi zokanya. Kutopa kunali kwakukulu, ankagona masana ngati khanda. Panali sabata ina yomwe magazi anatsika, anawaimitsa kaye mapiritsi, ndipo ine ndinachita mantha kuti uthenga uja wafika ndi kwa omwe sunawayenere. Adokotala anati zimachitika, n'chifukwa chake amayeza magazi pafupipafupi. Anadikira, magazi anakwera, anapitiriza.

Patapita miyezi anawajambulanso. Adokotala aja anationetsa chithunzi, ine sindinaonepo kanthu koma mitambo. Anati chotupa chija chafota, chatsala ngati chipsera. Amuna anga anafunsa ngati achira. Adokotala sanalonjeze. Anati pakali pano tizinthu tija tamva, koma matenda amenewa nthawi zina amabwerera, ndiye azibwera kudzaonedwa. Ndinawakonda chifukwa chosatinamiza.

Tinabwerera kwathu nandolo atakololedwa kale ndi mng'ono wanga. Mbuzi ija inaswa awiri. Pampu inabwezedwa itathyoka, ndipo mlandu wake sunathe mpaka pano. Tsitsi linamera, loyera lonse ndi lofewa ngati la mwana. Njinga sakwera nayo chitunda, koma kumunda amapita, amalima mizere ingapo n'kukhala pansi kumalamula ine.

Za madontho aja sanauze munthu, ndipo ine ndinkayesa nkhaniyo yatha. Koma kwathu, dzinja lisanayambe, pamakhala tsiku lomwe mudzi wonse umaloledwa kulowa kumanda kukalambula. Masiku ena onse kumanda sikupitidwa wamba. Chaka chimenecho ndinawauza kuti atsale, fumbi liwapweteka pachifuwa. Anakana. Anatenga kakhasu kawo kakang'ono.

Manda a mwana wathu ali kumapeto, mbali ya ana, pansi pa mtengo wa msuku. Palibe chipilala, pali miyala yomwe bambo ake anaizunguliza kalekale. Ndinazula udzu, iwo anakonza miyala yomwe inagubuduka ndi mvula. Anthu ena anali cha uko, akusesa kwa abale awo, akucheza mwapansipansi. Titamaliza ndinatola khasu kuti tizipita, koma iwo anaima. Anayamba kumasula mabatani a malaya, limodzi limodzi, mpaka chifuwa chonse chinaonekera. Anaima choncho kutsogolo kwa kamulu kaja. Analoza dontho la pakati, kenako la uku, kenako la uku.

Analankhula m'Chilomwe, motsitsa, monga ankalankhulira naye ali pamiyendo pawo.

"Waona? Ndi izi. Mulibe mankhwala. Amayi ako ndi mboni." Anapuma pang'ono. "Kuja tinkapita kuja, ndinakafika."

Mphepo inagwetsa masamba angapo a msuku pamalo pomwe tinali titangosesa. Ndinawerama kuti ndiwatole, iwo anati ndiwasiye. Anayamba kumanga mabatani, anawasemphanitsanso, ndipo ndinaika khasu pansi n'kuwamangira bwino tisanatuluke kukasamba m'manja ndi anzathu.